Ma edit a mpikisano wa masiku atatu anasowa mu Lightroom, mmene tinawabwezera ndi zimene zinakanika

Nkhani iyi ndailemba chifukwa anzanga ojambula angapo akhala akundifunsa kuti nkhani ija ya ma edit osowa mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, inatha bwanji, ndiye m'malo mofotokozera munthu aliyense payekha ndati bola ndingoilemba kamodzi. Mwini nkhani wandilola koma dzina lake sinditchula. Ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsako kagwiridwe ka kamera zaka zapitazo, pano pa zamasewera amajambula kundiposa ineyo, koma kumbali yosunga mafayilo mmm, muona nokha.

Anandiimbira usiku mawu akunjenjemera, akuti akulu ma edit anga onse apita, zithunzi zilipo koma zabwerera ngati sindinazikhudzepo. Ndinamufunsa kuti wadina chani, akuti palibe. Aliyense amatero. Ndinangomuuza kuti tseka laputopuyo, zula hard drive, usakhudzenso kalikonse, ubwere nazo zonse mawa pamodzi ndi makhadi a kamera.

Mmene zinthu zinalili

Ntchito yake inali ya mpikisano wa mpira wa masiku atatu. Anagwiritsa ntchito makamera awiri a Nikon, ina ya lens yaitali ina yaifupi, zonse RAW, kutanthauza chithunzi chosakonzedwa mmene kamera yachijambulira, mafayilo a NEF (RAW ya Nikon) okwana 2,314. Ankaedita mu Lightroom Classic pa laputopu ya Windows, katalogi ili mu laputopu momwemo, zithunzi zili pa hard drive yakunja. Poyamba anaziika m'mafoda 6, tsiku lililonse mafoda awiri, kamera iliyonse yake. Mayina a mafodawo anali oseketsa, ina "tsiku 1 yaitali" ina "New folder (3)", koma zinkagwira ntchito. Anasankhamo zithunzi 380, anaziedita, anatumiza ma JPEG a mapikiseli 2048 mbali yaitali, eni ntchito anasangalala, nkhani inatha.

Patapita miyezi iwiri eni ntchito aja anabweranso akufuna zithunzi 30 zazikulu zoti akapulinte. Apa ndi pamene JPEG ya 2048 imakuthawa. Pa mapikiseli 300 pa inchi imangokwana masentimita 17 basi, pomwe RAW ya mapikiseli 6000 ndi 4000 imafika masentimita 50 mbali yaitali popanda kuikoka. Ndiye anayenera kubwerera ku ma RAW ndi ma edit ake.

Koma pakati pa miyezi iwiri ija tsiku lina anali ndi mpata, anatsegula File Explorer nkuyamba "kukonza" diski. Anapanga foda imodzi, MPIRA FINAL, nkusamutsira zonse za m'mafoda 6 aja mmenemo. Vuto linayambira apa, koma iye sanadziwe, chifukwa Lightroom sanaitsegulenso pa ntchito imeneyi mpaka tsiku limene anandiimbira.

Ma edit amakhala kuti kwenikweni

Ndifotokoze kaye izi chifukwa popanda izi zotsatirazi sizimveka. Ukaedita RAW mu Lightroom, fayilo ya NEF ija siisintha olo pang'ono. Chimene chimachitika nchakuti pulogalamu imalemba malangizo, kuti kuwala kwakwezedwa ndi mwakuti, m'mbali mwadulidwa mwakuti, mtundu watenthetsedwa mwakuti, ndipo malangizowo amalembedwa mu katalogi, fayilo ija yothera ndi .lrcat, imene mkati mwake ndi database ya SQLite. Katalogi ilibe zithunzi. Ili ndi malangizo ndi adilesi yokha, yakuti chithunzi chakuti chili pa diski E, mu foda yakuti, dzina lake DSC_0412.NEF. Ukasamutsa fayilo kapena kusintha dzina kunja kwa pulogalamu, adilesi ija imaloza pamalo opanda kanthu, ndiye umaona chizindikiro cha funso pa foda ndi chizindikiro cha mfuwu pa chithunzi. Pamenepo palibe chimene chatayika. Ma edit onse ali phee mu katalogi, akungodikira kuti uwalozere kumene zithunzi zapita.

Mphwangayo ataona zizindikiro za funso anachita mantha, anapita pa Import kuti alowetse foda yatsopano ija. Zithunzi zambiri zinaoneka zotuwa, sizimasankhika, chifukwa pulogalamu inkaona kuti ili nazo kale, imafananiza dzina, nthawi yojambulira ndi kukula kwa fayilo. Kunali kumuchenjeza kumeneko. Iye anaona ngati mafoda akale aja ndi amene akutchinga njira, anawadina kumanja nkusankha Remove, uthenga wofunsa ngati akutsimikiza unabwera, anavomera osawerenga, kenako Import inayenda bwinobwino. Zithunzi zonse zinalowa ngati zatsopano, ma edit a masabata awiri atapita limodzi ndi mafoda amene anachotsa aja. Msampha womwewu uliponso pa Synchronize Folder ngati kabokosi kochotsa zithunzi zosowa mu katalogi kali kochongedwa, anthu ambiri agwerapo pamenepo poganiza kuti akulumikiza zinthu.

Vuto lachiwiri limene sanalione

Nditawerenga mafayilo a NEF mu MPIRA FINAL anali 2,171. Akusowa 143. Iye amvekere akulu ine sindinadilite chilichonse, ndipo amanena zoona.

Makamera amatsatira lamulo limodzi la mayina lotchedwa DCF, ndi chifukwa chake khadi iliyonse mumapezamo foda ya DCIM, ndipo dzina la chithunzi limakhala zilembo zinayi ndi manambala anayi, kuyambira 0001 mpaka 9999. Nikon imayamba ndi DSC_, Canon ndi IMG_, ndipo ukasankha Adobe RGB kamzere kaja kamabwera kutsogolo, _DSC kapena _MG_. Makamera ake onse awiri ankalemba DSC_, komanso yachiwiri ija inali yoti imayambiranso pa 0001 akaifomata khadi. Ndiye DSC_0412.NEF analipo atatu anayi, zithunzi zosiyana dzina limodzi. Ali m'mafoda osiyana panalibe vuto. Atawathira mu foda imodzi Windows inafunsa chochita, ulendo woyamba anasankha Replace, ndiye 143 aja anapondedwa ndi anzawo, ndipo fayilo yopondedwa choncho siipita mu Recycle Bin. Maulendo otsatira anakayika nkusankha kusunga onse awiri, ndiye kunabadwa ma DSC_0412 (2).NEF ambirimbiri.

Pali chithunzi chimodzi chimene chinandionetsa kukula kwa chisokonezo. Pakati pa zithunzi zosaedita zija panali zina zooneka kuti zili ndi ma edit, koma olakwika. China chinali cha goloboyi akudumpha, koma chodulidwa moti mutu kulibe, kwangotsala miyendo ndi udzu, chowala mopitirira, ndipo pa caption panalembedwa za kupereka chikho. Ndinapita mu foda, pambali pa DSC_0288.NEF panali DSC_0288.xmp, kafayilo kamene Lightroom imatha kulembamo ma edit a chithunzi kunja kwa katalogi. Ndinaitsegula mu Notepad, paja XMP ndi mawu wamba owerengeka, ndinaona mzere wa crs:Exposure2012 uli pa +0.85, manambala a CropTop ndi CropLeft, ndipo chapamwamba pake nthawi yojambulira inali ya tsiku lachitatu madzulo ndi serial number ya kamera inayo. Kafayilo kameneka kanali ka chithunzi china, chija chinapondedwa. Lightroom imagwirizanitsa XMP ndi RAW poyang'ana dzina, ndiye inangotenga chovala cha wina nkumuveka goloboyi. Ma XMP ochepawa analipo chifukwa nthawi ina anadina Ctrl+S pa zithunzi zingapo pofuna kutumizira mnzake. Zina zonse zinalibe, chifukwa kabokosi ka Automatically write changes into XMP kamabwera kosachongedwa ndipo iye sankadziwa nkomwe kuti kaliko.

Zimene ndinachita

Choyamba ndinakopera hard drive yonse ku diski ina, ndi foda yonse ya katalogi ya mu laputopu, ndipo chilichonse chotsatira ndinachitira pa kope. Diski yake sindinalembepo olo fayilo imodzi. Izi zimatenga maola ndipo munthu amene ali ndi kasitomala pakhosi amaona ngati ukumutayitsa nthawi, koma pokonza zoterezi nawenso umalakwitsa, ine ndinalakwitsa kawiri tsiku limenelo, ndipo ukalakwitsa pa kope umangodilita nkuyambiranso.

Kenako ndinasaka bakapu ya katalogi. Lightroom imafunsa za bakapu potseka, mwachizolowezi kamodzi pa sabata, nkuika fayilo ya zip mu foda ya Backups pafupi ndi katalogi, foda iliyonse ili ndi deti ndi nthawi. Zimene imasungazo ndi katalogi yokha osati zithunzi, anthu ambiri amasokoneza apa. Mphwangayo anavomera kuti nthawi zambiri amadina Skip this time chifukwa amakhala watopa. Mwamwayi inalipo imodzi ya mkati mwa sabata yachiwiri ya kuedita. Ndinaimasula mu foda yapadera, osati pamwamba pa katalogi yake ya tsopano. Onetsetsani kuti mwatulutsa zonse za mu zip, chifukwa kuyambira version 11 ya mu 2021 pamakhalanso .lrcat-data imene imasunga zina za ma mask (zosankhira mbali imodzi ya chithunzi kuti uikonze payokha), ukaisiya udzapeza kuti zimene unasankha ndi Select Subject zikufuna kuwerengedwanso kapena zasowa.

Nditatsegula bakapuyo mafoda 6 akale aja anaoneka, onse ali ndi funso, tizithunzi tonse tili mabokosi otuwa chifukwa ma preview salowa mu bakapu. Koma ukadina bokosi lililonse kumanja kumaoneka dzina, nyenyezi, caption, serial number, ndipo ma edit a tsiku loyamba ndi lachiwiri onse analimo, a tsiku lachitatu analimo theka.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba. Mwachangu ndinadina Find Missing Folder pa "tsiku 1 yaitali" nkuilozera ku MPIRA FINAL. Zizindikiro zinachoka, mnyamata anaomba m'manja, koma titayamba kuyang'ana chimodzichimodzi tinapeza kuti zambiri zalumikizidwa ku zithunzi za kamera ina, nkhani ya goloboyi yomwe ija. Dzina likafanana pulogalamu imakhutira. Ndinataya kope limenelo nkumasulanso zip.

Njira yabwino inali yobwezera mafayilo mmene analili kale, mafoda 6, kuti katalogi iwapeze pamene inawasiya. Pamanja zikanatenga masiku, koma fayilo ya RAW iliyonse imadzinenera yokha mkati mwake kuti inajambulidwa liti ndi kamera iti. Ndinagwiritsa ntchito ExifTool, kapulogalamu kaulere ka Phil Harvey kamene kamayendera pa command line, kuiuza kuti iwerenge SerialNumber ndi DateTimeOriginal ya fayilo iliyonse nkuiika mu foda ya kamera yake ndi tsiku lake. Pa mphindi zochepa zonse zinagawika m'milu 6. Kenako ndinachotsa ma (2) ndi ma (3) aja m'mayina, zimene tsopano zinali zotheka chifukwa mu mulu umodzi dzina silimabwerezedwanso. Ma XMP aja ndinawaika pambali onse, sindinafune kuti avekenso munthu chovala cha eni.

Kulakwitsa kwachiwiri kunali kwa nthawi. Pofuna kutsimikiza ndinkafananiza nthawi ya mu katalogi ndi ya mu fayilo, za kamera yachiwiri zonse sizimagwirizana, ndinayamba kuganiza kuti ndasokoneza milu. Kenako ndinaona kuti kusiyanako ndi kofanana paliponse, mphindi 47. Nditamufunsa anakumbukira kuti wotchi ya kamerayo inali patsogolo, ndiye anakonza ndi Edit Capture Time kuti zithunzi za makamera awiri zitsatane bwino. Kukonza kumeneko kumakhala mu katalogi, sikulowa mu NEF pokhapokha utachonga kabokosi kena mu Catalog Settings kolola kulemba deti mu RAW. Theka la ola linapita pa zimenezi.

Zitatero ndinalozera foda iliyonse ku mulu wake, imodzi imodzi, ndikuyang'ana zithunzi khumi zapakatikati ndisanapite pa ina. Zonse zinakhala m'malo. Pa Library ndinadina Find All Missing Photos, inatulutsa 143 ndendende, zimene zinandikhazika mtima pansi kuti masamu akugwirizana.

Kusaka 143 aja

Makhadi sanathandize, anali atawafomata nkujambuliramo ntchito zina kangapo. Chiyembekezo chinali pa hard drive. Ukasamutsa fayilo pa diski yomweyo nkuponda inzake ya dzina lofanana, deta ya yopondedwayo nthawi zambiri siifufutika pompo, malo ake amangolembedwa kuti ndi opanda mwini, imakhalapobe mpaka china chitadzalembedwa pamenepo. Mwayi wake unali wakuti diskiyo ndi yozungulira ija, osati SSD, chifukwa SSD imene TRIM (lamulo louza diski kuti malo akutiakuti sakufunikanso) ikugwira ntchito imayeretsa malo otere yokha ndipo kawirikawiri palibe chimene ungapeze. Tsoka lake linali lakuti kwa masabata angapo anakhala akuthirapo ntchito zina.

Ndinayendetsa PhotoRec, pulogalamu yobweza mafayilo otayika, pa malo opanda kanthu a diski yake, zotuluka zikupita ku diski ina. Inagona ikuyenda. M'mawa munali mafoda a recup_dir odzaza mafayilo a mayina ngati f1839204.nef, chifukwa PhotoRec imapeza deta yokha, mayina sibweza. ExifTool inathandizanso kuwasanja potengera serial number ndi nthawi, ndipo pofananiza ndi mndandanda wa zosowa mu katalogi, osaiwala mphindi 47 zija, ndinapatsa iliyonse dzina lake lakale.

Chenjezo limodzi pano. Fayilo yobwezedwa ikaoneka bwino pa kathumbnail musafulumire kukondwa. Mkati mwa RAW iliyonse mumakhala JPEG imene kamera inapanga, ndi imene mumaiona pa sikirini ya kamera ndi m'mapulogalamu ambiri oonera zithunzi. JPEG imeneyo itha kukhala yabwino pomwe deta yeniyeni ya RAW yadyeka. Tinali ndi zingapo zoti ukazitsegula mu Develop zimaoneka bwino kwa sekondi imodzi, kenako theka la mmunsi limasanduka mizere yapinki ndi yobiriwira. Yeso lenileni ndi kupanga ma preview a 1:1 nkuziyang'ana. Pomaliza zabwinobwino zinali 96. Zotsala 47 zinapita, ndipo mwa 30 zimene eni ntchito ankafuna, zitatu zinali m'gulu lopitalo.

Theka la tsiku lachitatu

Panatsala zithunzi pafupifupi 60 zimene anaedita bakapu ija itapangidwa kale. RAW ilipo, ma edit kulibe kwina kulikonse, ndipo 9 mwa izo zinali pa mndandanda wa kasitomala amene ankafuna zofanana ndi zimene anaziona kale. Apa panatithandiza ma JPEG amene anatumiza aja. Ukapanga Export utasankha All Metadata, JPEG imanyamula manambala a Camera Raw mkati mwake, Exposure, Contrast, Highlights, Temperature ndi ena. Ndinawawerenga ndi ExifTool kuchokera m'ma JPEG a mu laputopu yake, osati amene anadutsa pa WhatsApp ngati chithunzi chifukwa amenewo metadata imachotsedwa, iye nkumalowetsa pamanja chimodzi chimodzi. Za burashi ndi ma mask anangobwereza ndi maso, JPEG ili mbali ina ya sikirini. Zithunzi 9 zinamutengera madzulo amodzi. Zinazo anati azichita zikadzafunika.

Zimene tinasintha

Ndinakana kumubwezera laputopu tisanakhale pansi. Sindinamupatse dongosolo lalitali chifukwa ndikudziwa kuti sangalitsatire ali wotopa, ndinangotseka mabowo amene anagweramo.

Dzina ndiye linali muzu wa zonse. Mu menyu ya Nikon muli File naming pomwe umasintha zilembo zitatu zija, ndiye kamera ina pano imalemba AAA ina BBB, ndipo File number sequence ili On kuti isamayambirenso pa 0001. Izi zokha sizikwanira chifukwa ikafika 9999 imabwererabe, kwa wojambula mpira imeneyo ndi miyezi yochepa. Ndiye pa Import tinapanga template yoti dzina lizikhala deti kuyambira chaka, kenako dzina la mu kamera, monga 20240316_AAA_0412.NEF. Dzina lotere silingafanane ndi lina olo utathira zithunzi za zaka khumi mu foda imodzi. Ena amakonda kuika dzina la kasitomala kapena la mwambo mu dzina la fayilo, ine sindikonda, limatalika komanso tsiku lina umafuna kulisintha. Zimenezo malo ake ndi ma keyword. Za ntchito ya mpira ija tinazisintha mayina mkati mwa Lightroom ndi F2, chifukwa ukatero katalogi imadziwa ndipo XMP imasinthidwa limodzi.

Mafoda tinapanga imodzi yaikulu pamwamba, mkati mwake chaka, mkati mwa chaka deti ndi mawu awiri atatu, monga 2024-03-16 mpira. Foda yaikuluyo izioneka mu Lightroom, ngati siikuoneka dinani Show Parent Folder. Phindu lake limaoneka tsiku limene Windows yapatsa diski chilembo china, dzulo inali E lero F chifukwa mwalowetsa flash poyamba, zonse zimasanduka mafunso koma umangolozera foda imodzi yapamwambayo basi zonse zabwerera. Tinapitanso mu Disk Management nkuipatsa chilembo chakutali, P, kuti isamalimbirane ndi ma flash. Mafoda a "zabwino", "zotumiza", "FINAL", "FINAL 2" ndinamuletsa. Chithunzi chimakhala mu foda imodzi moyo wake wonse, kusankha kumachitika ndi nyenyezi ndi ma collection, chithunzi chimodzi chitha kukhala m'ma collection asanu popanda kukopedwa. Akafuna kusamutsa kanthu azikokera mu Folders panel mkati mwa pulogalamu. Ikakhala foda yaikulu yopita ku diski ina ine ndimakopera kunja, ndimatsimikiza kuti zonse zafika, ndimadina Update Folder Location, ndipo yakaleyo ndimaidilita pambuyo.

XMP tinaiyatsa. Koma ndinamuuza kuti asaiyese bakapu yathunthu. Imanyamula ma edit amene alipo panopa, nyenyezi, ma keyword, ma caption ndi ma snapshot (ma edit amene wawasunga pa dzina kuti udzabwererepo), koma ma collection, ma virtual copy (kope lachiwiri la chithunzi lopanda fayilo yake) ndi History sizilowamo, zimenezo zili mu katalogi mokha. Iye amakonda kupanga virtual copy ya black and white pa zithunzi zimene wazikonda, ndiye ndinamuuza kuti azipanganso snapshot, imeneyo ndiye imayenda ndi fayilo.

Anandifunsa ngati kusandutsa zonse kukhala DNG, mtundu wina wa fayilo ya RAW, sikukanamupulumutsa. Pang'ono inde, DNG imene Adobe inatulutsa mu 2004 imasunga XMP mkati mwa fayilo momwemo, ndiye nkhani ya goloboyi kuvala za eni sikanachitika. Koma 143 aja akanapondedwabe, ndipo pali mtengo wake, ukangosintha nyenyezi imodzi nkuseva, fayilo yonse ya ma MB 25 imaoneka ngati yasintha ndipo pulogalamu ya bakapu imaikoperanso, pomwe ndi NEF chimasintha ndi kafayilo ka ma KB ochepa. Komanso mapulogalamu a eni kamera, monga NX Studio, amafuna NEF. Ine ndimasiya RAW mmene inatulukira mu kamera. Ndili ndi anzanga amene amasandutsa zonse ndipo sadandaula, sitimakangana.

Kwa amene muli pa mapulogalamu ena nkhani ndi yomweyi, mayina okha ndi osiyana. darktable ili ndi library.db yake koma imalembanso XMP pambali pa chithunzi kuchokera pachiyambi, ndipo dzina lake limasunga mchira, DSC_0412.NEF.xmp, ndiye RAW ndi JPEG za dzina limodzi sizilimbirana kafayilo kamodzi. RawTherapee imalemba .pp3, DxO PhotoLab imalemba .dop, Capture One mukamagwiritsa ntchito session imaika mafayilo a .cos mu foda ya CaptureOne mkati mwa foda ya zithunzi. Kwa munthu ngati mphwangayu amene amagwira ntchito imodzi nkuitseka, session ndi yabwino ndithu chifukwa foda yonse imayenda ndi ma edit ake. Koma ma edit a pulogalamu ina satanthauza kanthu kwenikweni mu inzake, zimene zimawoloka bwino ndi nyenyezi ndi ma keyword. Ndipo kulikonseko ukathira mafayilo a dzina limodzi mu foda imodzi zikuchitikira zomwezi.

Bakapu ya katalogi tinaisintha kuti izifunsa nthawi iliyonse akatseka ndipo izipita ku diski ina, malo ake amasinthidwira pa kawindo komwe kamafunsa kaja. Inali mu laputopu momwemo pambali pa katalogi, kutanthauza kuti laputopu ikanabedwa zonse ziwiri zikanapitira limodzi. Zithunzi pano zili pa madiski awiri ndipo yachiwiriyo siikhala mu chikwama chimodzi ndi laputopu. Khadi saifomata mpaka zithunzi zitafika pa onse awiri. Za wotchi, asanayambe ntchito amajambula sikirini ya foni yoonetsa masekondi ndi makamera onse awiri, kuti kusiyana kukakhalapo adziwe nambala yeniyeni osati kuyerekeza.

Zitatu zija

Anafuna kuti tikoke ma JPEG a 2048 aja ndi pulogalamu yokulitsa zithunzi nkungotumiza mwakachetechete. Tinayesa chimodzi kuti adzionere yekha, chapatali chinkaoneka bwino koma ukayandikira manambala a pa jezi anali opindika ndipo nkhope zinali zosalala ngati zopaka sera. Ndinamuuza kuti awaimbire eni ntchito awauze zoona, kuti ma RAW atatu anaonongeka. Pa ziwiri tinapeza zoloweza m'malo, paja mpira amajambula motsatizana, mafuremu oyandikana nawo analipo ndipo china chinali chabwino kuposa chimene anasankha poyamba, mpira ukuoneka wonse. Chachitatu, cha kupereka chikho chija chimene XMP yake inakavala goloboyi, anajambula kamodzi kokha. Eni ntchito anavomera kuchipulinta chaching'ono, masentimita 15 ndi 10, zina 29 zinapita zazikulu.

Hard drive yakale ija ili mu dirowa yanga, ndamuuza kuti aitenga pakatha miyezi itatu ngati sipapezeka china chosowa. Ma edit a zithunzi 51 za tsiku lachitatu sanawabwezerebe, manambala ake ndinamutulutsira mu fayilo imodzi ya CSV ili mu foda ya ntchitoyo.